Chipinda cha a Msonkho

Nyumba yanga ili ndi madenga awiri. Mukamachokera kumsewu mumaona malata, koma mukazungulira mbali ya kumtengo wa mango mupeza chipinda chakumapeto chofoleredwa ndi udzu, ngati munthu wovala suti ndi chipewa cha mlaza. Alendo amayesa kuti ndalama zinatithera. Zinathadi, koma osati mmene iwo amaganizira. Chipinda chimenecho ndi cha a Msonkho, ndipo anachipeza pa Boma masana dzuwa likuswa mtengo, ine ndikuona ndi maso angawa.

A Msonkho amene ine ndinakula ndikuwadziwa anali ndi miyendo. Ankabwera m'mudzi chilimwe, atatsogoza amesenjala a makabudula a kaki, kudzafuna amuna. Zikangomveka kuti afika kutsidya kwa mtsinje, amuna osalipira ankasungunuka ngati mchere m'ndiwo. Bambo a ana anga, amene anachokera kwa Nazombe kudzakwatira kwathu kuno kwa Kaduya, anabisalapo m'munda wa chinangwa mpaka linthumbu linawatulutsa akuthamanga malaya ali m'manja. Ndiye atabwera matipate, n'kumveka kuti msonkho wa amuna uja watha, mwamuna wanga anavina pabwalo ngati mnyamata. Ine ndinati basi, a Msonkho amwalira, tawaika. Sindinadziwe kuti anangovula nsapato n'kukakhala phee m'sitolo.

Zaka zimenezo nandolo anayamba kukhala ndi ogula. Mavenda ankafika ndi masikelo awo mpaka pansi pa mitengo ya m'mudzi, ndipo ife amene kale tinkalima nandolo wa ndiwo chabe tinayamba kumuona ngati mwana wopita kuntchito. Ine mtima wanga unali pa chinthu chimodzi: malata. Udzu unali utasowa, chifukwa madambo onse anthu anali atalima, moti wabwino unkafuna ulendo wa kuphiri. Chaka chilichonse tikafolera, mvula inkapezabe pake. Inkadontha pamutu, tisunthe mphasa, idonthe kumiyendo. Miphika yonse inkagona ili yasa kulandira madzi. Choncho ndikagulitsa nandolo ndinkabisa, chaka china ndibisenso, mpaka kathumba ka m'chiuno kanayamba kundilemera bwino.

Ine sukulu sindinaiponde. Ndalama ndimazidziwa ndi mtundu wake ndi nkhope, ndipo palibe anandipusitsapo pamsika. Koma zolembalemba zinali za bambo a ana. Iwowo anakhalako pang'ono kusukulu ya mishoni, ankadziwa manambala onse a nyimbo za kutchalitchi, ndipo anali ndi magalasi ogula pamsika amene ankawavala akafuna kuti anthu aone kuti nkhani yakula. Ndinawatuma pa Boma panjinga kuti akaone mitengo ya malata.

Anabwerako ali mwee, asanatsike n'komwe panjinga.

"Mayi, anthu a m'dziko muno maso ali nawo koma saona. Masitolo a malata alipo awiri, oyang'anana. Ina mtengo wokwera, ina wotsika. Malata amodzimodzi! Koma anthu ali piringupiringu kolowa kokwera mtengo komweko."

"Mwaonetsetsa, bambo?"

"Ndi magalasi. Chalembedwa pabolodi, manambala akuluakulu ngati mazira a bakha."

Tinaitana mmisiri wa m'mudzi woyandikana nawo, munthu wamfupi wosakonda kulankhula, amene pensulo yake inkakhala kukhutu ngakhale pamaliro. Anayeza nyumba ndi chingwe, n'kutiuza malata ofunika. Iye ndi bambo a ana anawerengera pansi ndi kamtengo, n'kupeza kuti ndalama zanga zikukwana ndendende pa mtengo wotsika uja, pamodzi ndi misomali ndi galimoto yonyamula. Ine nambala sindinafune kuisunga m'mutu mwa munthu wina. Ndinatenga nandolo wouma, njere imodzi lata limodzi, njere imodzi lata limodzi, ndi kumanga pansonga ya mpango.

Iwo akuti ndendende, ine mumtima ndinkaseka. Moyo wanga wonse mtengo umene wogulitsa watchula unali pamwamba pa chulu. Kuchoka pamenepo umangotsika. Wa matemba atchule, iwe udandaule, iye alumbire pa ana ake, iwe uyambe kuchoka, akuitane. Mukamvana, akuikirenso basela pamwamba, katemba kawiri katatu koti ubwerenso mawa. Ndiye ndinati ngati pa mulu wa tomato amatsitsa, nanga pa malata a nyumba yathunthu? Zotsalazo ndinazigawa kale: chitenje changa chatsopano, shuga, ndi mabanzi a anthu othandiza ntchito.

Tsono apa ndi pamene panagona nkhani. Malata sagona pansi m'mudzi. Ukawaunjika pakhomo, wayitana akuba ndi maso a anthu. Amafika lero, mawa ali pamwamba. Komanso mmisiri anati mitengo ya denga lakale inali yokhotakhota, ndi yofuna kuchotsa n'kuika ya bulugamu yowongoka malata asanabwere. Choncho tinaphika thobwa, tinaitana abale, denga lonse n'kulisasula. Udzu wakale, umene mbali ina unali udakali wabwino, ndinapatsa mng'ono wanga wa nyumba yoyandikana nafe, amene ankafuna kufolera khitchini yake. Ndinamupatsa monyada, dzanja lili m'chiuno.

"Tenga wonse, iwe. Ine za udzu ndatsazika."

"Zikomo achemwali, akazi a bwana," anatero akututa. "Mukadzatiitane tidzamve nawo mvula ya anthu olemera."

Nyumba inatsala ili yasa kuyang'ana kumwamba. Makoma ake ndi a zidina, njerwa zosaotcha, zimene mvula ikazipeza pamutu zimabwerera kukhala dothi. M'katimo munali matumba a chimanga chathu chonse ndi makaka, chinangwa chouma chija, pakuti masiku amenewo tinali titasiya kusunga chakudya m'nkhokwe panja. Unali mwezi wotentha uja, mango atayamba kuoneka chikasu, ndipo madzulo aliwonse mitambo inkasonkhana pamutu pa phiri la Michesi ngati anthu opangana zinazake. Koma tinati n'chiyani, mawa lomweli malata akhala atafika.

M'mawa mwake tinapita pa Boma, bambo a ana patsogolo magalasi ali m'thumba la malaya, ine pambuyo ndalama zili m'chiuno. Podutsa sitolo yokwera mtengo ija iwo anapukusa mutu, kuwamvera chisoni anthu amene ankatulukamo. Tinalowa m'yathu. Munkanunkha simenti ndi utoto. Kuseri kwa kauntala kunali mtsikana wa maso ochenjera, tsitsi lomanga bwino, patsogolo pake pali kamashini kowerengera.

Ndinamasula mpango, n'kukhuthula nandolo wanga pakauntala.

"Agogo, kuno sitigula nandolo."

"Sindikugulitsa, mwananga. Awa ndi malata. Werenga."

Anaseka, koma anawerenga bwinobwino ndi chala, njere imodziimodzi. Kenako anadinadina kamashini kaja n'kutchula ndalama. Bambo a ana anatsokomola, anatulutsa magalasi, anawapukuta ndi malaya.

"Mwana wanga, bwerezanso. Kamashini kako kadumpha."

Anabwereza. Zinatuluka zomwezo.

"Iyayi. Pabolodi paja palembedwa zina. Ine ndawerengera ndi mmisiri."

"Pabolodi ndi zoona, abambo. Koma umenewo ndi mtengo wopanda msonkho. Msonkho timaphatikiza pano polipira. Sataksi."

"Ndani?" ndinafunsa ine.

"Msonkho wa boma wa pa katundu, agogo. Zalembedwa m'munsi mwa bolodi."

Tonse tinatuluka kukaona bolodi. M'munsi mwa manambala onga mazira a bakha aja munalidi timalemba ting'onoting'ono ta Chingerezi, tonga mapazi a nyerere. Bambo a ana anawerama, anatiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndinationa," anatero motsitsa mawu. "Ndimayesa ndi dzina la amene analemba bolodi."

Ine sindinade nkhawa. Ndinati mtsikanayu ndi katswiri, wayambira pamwamba penipeni kuti tikatsika tikumane pabolodi. Ndinabwerera pakauntala, ndinakonza chitenje, n'kuyamba ntchito yanga. Ndinamuuza za mvula, za mawondo anga, za ana amasiye a mlongo wanga. Ndinamuuza kuti malata akewo ndi opyapyala ngati tsamba la nthochi. Iye ankangomwetulira.

"Agogo, wa sitolo ndingathe kukafunsa abwana. Koma wa boma sindingaukhudze. Si wathu. Timangotolera."

"Ndiye aitane a bomawo tinenerere."

"Sali pano."

"Munthu wosakhalapo akudya nawo bwanji?"

Nditaona kuti walimba, ndinatulutsa chida chomaliza. Ndinatolera nandolo wanga, ndinamanga, n'kunena mokweza kuti, "Tiyeni bambo, masitolo ndi ambiri." Ndinayamba kuyenda pang'onopang'ono kulowera kukhomo, khutu lili m'mbuyo kudikira kuti agogo bwerani timvane. Ndinafika pakhomo. Zii. Ndinaima kumanganso mpango umene unali womanga kale. Zii. Ndinatsika pakhonde, ndinayang'ana njinga za akabaza imodziimodzi ngati ndikufuna kugula. Nditacheuka ndinapeza mtsikana uja akugulitsa loko kwa munthu wina. Chibadwire, aka kanali koyamba kudziitana ndekha. Ndinabwerera.

Pamenepo Chichewa chinandithawa. Ine ndikapsa mtima chimabwera ndi Chilomwe cha amayi anga, ndipo ndinachikhuthula chonse pakauntala paja. Mwadzidzidzi wina kumbuyo kwanga anandiyankha m'Chilomwe chomwecho, chakupsa kuposa changa. Anali bambo wamtali wa fumbi mpaka m'nsidze, wochokera ku Mozambiki, amene anabwera panjinga kudzagula misomali. Titafunsana za kwawo tinapeza kuti agogo anga anachokera dera lomwelo, ndiye mkwiyo unayamba wadikira kaye, tipatsane moni.

"Kwanuko ziliko izi?" ndinamufunsa. "Mtengo kubereka mwana uli pakauntala?"

"Mayi, msonkho uliko, ungapite kuti? Koma m'masitolo amene ine ndimagula amauphikira m'kati. Chimene wauzidwa n'chomwecho. Komanso ndalama zathu n'za maziro ambirimbiri, mtengo wa njinga ndi wautali ngati njoka. Msonkho ukalowa m'menemo ungaupeze?"

"Bola kwanu."

"Bola chiyani? Kwathu amakudya uli m'tulo, kuno akukudya uli maso. Kudyedwa n'kumodzi."

Anthu m'sitolo anaseka, mtsikana uja naye. Bambo a ana okha sanaseke. Anati tidikire, n'kuwoloka msewu mothamanga kupita kusitolo yokwera mtengo ija. Popita anapita ngati mnyamata, pobwera anabwera ngati akuchokera kumanda.

"Bwanji?"

"Kumeneko a Msonkho alowa kale m'kati mwa mtengo. Ukaphatikiza, n'chimodzimodzi ndi kuno."

"Ndiye anthu opanda maso aja?"

"Mayi, musandionjezere."

Chikomekome cha mkuyu. Ndinawayang'ana mwamuna wanga, magalasi ali m'manja, nkhope itagwa, ndipo ndinawamvera chisoni kuposa malata. Anati tibwerere kumudzi, tigulitse mbuzi, tidzabwerenso tsiku la msika. Ndinatuluka pakhonde kuyang'ana kuphiri. Mitambo inali itada kale kumunsi, ndipo kamphepo kankanunkha dothi lonyowa la kwinakwake. Mbuzi yathu inali ndi bere. Nyumba inali yasa, chimanga chili m'kati.

"Mvula sidziwa tsiku la msika, bambo. Tigula amene ndalama zathu zingathe."

Ndinakhuthulanso nandolo, ndinamasula kathumba. Mtsikana anadinadina, kenako ndi chala chake anakankhira njere zinayi kumbali yanga.

"Awa atsala, agogo."

"Amenewa ndiye a boma?"

"Tingotero."

"Amakachita nawo chiyani?"

"Amati mankhwala m'zipatala, misewu, milatho."

"Chabwino. Ukawaona uwauze kuti akadzamanga mlatho kwathu, matabwa anayi ndi anga. Ndizidzawoloka mosapupuluma." Ndinamanga njere zinayi zija pampango. "Nanga basela?"

"Pa malata, agogo?"

"Mwananga, ndagula nyumba yathunthu. Wa matemba amandipatsa basela, iwe wa sitolo yonseyi ukanike?"

Analowa m'kati kwa abwana ake, ndinamva kuseka, n'kutuluka ndi misomali yodzaza manja awiri. Anaithira yekha m'mpango mwanga. Chitenje, shuga ndi mabanzi zinathera pomwepo, koma basela ndinatuluka nayo.

Pamatola pobwerera, titakhala pamwamba pa malata athu, bambo a ana ankayeserera zokanena kumudzi. Amati tinene kuti ena atsala m'sitolo, abwera. Amati kapena tinene kuti malata anatha. Ine ndinati tikanena zimene zachitika, chifukwa bodza la denga limaululika ndi mvula.

Tinapeza anthu ali pakhomo, thobwa latsika kale theka. Ana anathamangira galimoto akukuwa, amayi akululutira. Malata ankatsika akung'anima mpaka kuthobwa m'maso, ndipo ngakhale mtima unali ndi kachisoni, ndinamva kukoma kumene sindinakumvepo. Koma mng'ono wanga amadziwa kuwerenga katundu wa eni ake. Anaima pambali akuwerenga mokweza, ndipo litatsika lomaliza anasuzumira m'galimoto.

"Alamu, ena agwa panjira?"

Bambo a ana anayang'ana kumwamba.

"Alamu, ndikufunsa inu a magalasi."

Ndinafotokoza ine, zonse, mpaka dzina la wolemba bolodi. Anthu anagwa nazo pansi. Mkulu wina amene kale ankabisala limodzi ndi mwamuna wanga anapukuta misozi n'kunena kuti, "Achimwene, a Msonkho munawathawa m'chinangwa muja, lero mwawapitira nokha panjinga!" Apo bambo a ana nawonso anayamba kuseka, ndipo ndinadziwa kuti munthu wanga wachira.

Mmisiri yekha ankangoyang'ana malata, n'kuyang'ana nyumba. Anati pali njira yowatambasula kuti angolumana pang'onopang'ono n'kufika kumapeto, koma mphepo ikabwera ndi mvula nyumba yonse izidontha m'mizere. Ndinakana. Sindinalime nandolo zaka zonsezo kuti ndizisunthanso mphasa.

"Khomani bwinobwino mpaka pamene athere," ndinatero. "Chipinda chakumapetocho chibwerere ku udzu wake."

Anachotsa pensulo kukhutu, anakanda nayo m'mutu, n'kunena kuti zitheka ngati mbali ya udzuyo aitsitsa pang'ono kuti udzu ulowe pansi pa milomo ya malata. Kenako anafunsa funso limene ndinkaliopa.

"Udzu uli kuti?"

Tonse tinacheukira kwa mng'ono wanga. Iye anali atapita kale. Tinamupeza kwake atakhala pamwamba pa mulu wa udzu uja, miyendo atatambasula, akudzikupiza ndi mbale.

"Takulandirani, akazi a bwana. Mukufuna chiyani m'sitolo mwathu?"

"Iwe, mvula ikubwera."

"Ndikuiona. Paja munati za udzu mwatsazika?"

"Ndabwera kudzapereka moni kachiwiri."

"Chabwino. Udzu ulipo. Mtengo wake ndi zikomo basi, poti ndinu achemwali anga."

"Zikomo," ndinatero, n'kuwerama kuti ndinyamule mtolo.

"Dikirani! Umenewo ndi mtengo wa pabolodi. Pali msonkho."

Bwalo lonse linaphulika. Msonkho wake unali wakuti alamu ake asenze mtolo woyamba pamutu ngati mkazi, atavala magalasi, akuvina kuchokera pakhomo pake mpaka pakhomo pathu. Bambo a ana anati iwo ndi mkulu wa mpingo. Mng'ono wanga anati wa boma sanenerera. Kuphiri kunagunda. Mwamuna wanga anavala magalasi, anthu anamusenzetsa mtolo, amayi anayamba kuwomba m'manja, ndipo anavina. Poyamba ankangokoka miyendo, koma pofika pakati pa bwalo chiuno chinakumbuka unyamata, udzu ukugwera m'khosi, ana akumutsata pambuyo. Ine ndinaseka mpaka ndinakhala pansi.

Tsiku limenelo kunangogunda, mvula inakagwa kwina. Tinafunditsa matumba ndi mphasa ndi malata ena, ndipo kutangocha ntchito inayamba. Sindinaonepo anthu akugwira ntchito ngati tsiku limenelo. Mmisiri ndi amuna awiri pamwamba, hamala ikulira, ena akupatsira malata, amayi tikusankha udzu wabwino ndi kunyika luzi. Dzuwa litapendeka, kuphiri kunada bii. Mphepo inayamba kunyamula masamba a mango, nkhuku zikuthawira pansi pa ngolo. Malata anali atatha kukhomedwa, koma chipinda chakumapeto chinali chidakali ndi dazi pakati.

"Mtolo wina! Ponyani!"

Dontho loyamba linandimenya paphewa, lalikulu ngati ndalama yachitsulo. Lachiwiri linagwa palata, n'kulira kuti tha! Tonse tinaima kaye kumvetsera, ngakhale amene anali pamwamba. Kenako mng'ono wanga, yemwe uja wa msonkho, anakwera yekha pamakwerero chitenje atakwinya, mtolo womaliza uli pamutu. Misomali ya basela ija ndi imene mmisiri anakhomera mtanda wogwira udzu pansi pa milomo ya malata. Anamanga luzi lomaliza mvula ikumutsika m'ndevu, n'kutsetsereka pansi, pensulo ili pomwepo kukhutu.

Tinathamangira m'nyumba tonse, anthu odzaza mpaka m'makona. Ndipo inagwa. Mayo ine, phokoso! Ngati ng'oma zonse za gule wa tchopa azisonkhanitsa pamutu pathu. Ana anatseka makutu akukuwa ndi chimwemwe. Ine ndinayendayenda m'zipinda ndikuyang'ana kumwamba, dzanja nditatambasula, kufunafuna dontho. Panalibe. Ndinakhudza matumba a chimanga, ouma. Makoma, ouma. Ndinatenga mphika umene unkagona kumutu kwa mphasa yathu zaka zonse zija, ndinauvundikira pansi, n'kukhalapo.

Bambo a ana ankandiuza chinachake. Ndinkaona pakamwa pakuyenda koma mawu osamveka. Ndinati chiyani? Anakuwa. Ndinati chiyani? Anandigwira dzanja n'kundikokera kuchipinda cha udzu. Titangolowa, phokoso linatsalira kumbuyo, kumangomveka kaphokoso kofewa kaja ka mvula pa udzu, ndi fungo lake.

"Ndimati mwakondwa?"

"Ndakondwa, bambo."

Posakhalitsa wina analowa, wina analowa, mpaka onse amene ankafuna kucheza anadzazana m'kachipinda kameneko, malata atsopano atsala ndi ana okha. Thobwa lotsala linabwera komweko. Mwamuna wanga anayang'ana udzu, anakweza chikho n'kunena kuti, "Anthuni, khalani mwaulemu. Chipinda chino ndi cha a Msonkho. Ndi iwo anadya malata ake." Dzina linamera pomwepo. Njere zinayi zija ndinazibzala kuseri kwa chipindacho mvula itakata, ndipo mbewu yake sinathe mpaka lero.

Chaka chitazungulira tinaphunzira zina. Mwezi wotentha malata amawotcha ngati chiwaya, ndipo masana munthu sungagone pansi pake. Aliyense ankathawira kwa a Msonkho. Zidzukulu zinkalimbirana, mng'ono wanga ankabwera ndi mphasa yake kunena kuti udzu ndi wake, ndipo bambo a ana anaikamo mpando wawo wa ndalema osautulutsanso.

Tsiku lina anthu a sikelo ya ana anabwera m'mudzi, ali ndi mzungu wamkazi wa ku Amereka amene ankalankhula Chichewa chodumphadumpha. Dzuwa litamukanika, ndinamulowetsa m'chipinda chozizira. Anafunsa za madenga awiri, ndinamufotokozera. Anaseka mpaka kufiira, n'kunena kuti kwawo masitolo ambiri amatero, mtengo wolembedwa ndi wina, ukafika polipira msonkho ukukudikira.

"Dziko lonse?"

"Malo ambiri, agogo. Tinazolowera."

"Ndiye kwanuko nyumba iliyonse ili ndi chipinda cha udzu?"

Anati ayi. Ndinati basi ndinu olemera, mumapita kusitolo ndi ndalama za anthu awiri.

Patapita zaka mwana wanga wamwamuna anabwera kuchokera ku Joni, kumene ankagwira ntchito. Nthawi imeneyo bambo ake anali atatisiya, ndipo msonkho uja anali atausintha dzina, akuti vati. Anazungulira nyumba, nsapato zikulira, n'kuima kumbali ya mango.

"Amayi, izi zikundichititsa manyazi. Mawa ndikagula malata anayi, timalize."

"Ku Joniko a Msonkho amakhala pati?"

"M'kati mwa mtengo. Chimene chalembedwa pashelefu ndi chimene umalipira. Ukafuna kuwaona uyang'ane palisiti."

"Ndiye iwe sunawaonepo nkhope."

"Nkhope ya msonkho, amayi?"

"Lowa."

Anali masana a mwezi wotentha. Ndinamukhazika pampando wa ndalema wa bambo ake, ndinamupatsa madzi a mumtsuko. Anayamba kundiuza za mitengo ya malata, za mmisiri wa pa Boma amene amamudziwa, mawu akunka natalikirana. Ndisanamalize kusenda chinangwa, munthu anali atagona, kukamwa kuli yasa ngati bambo ake.

Atadzuka dzuwa litapepa, anayang'ana udzu nthawi yaitali.

"Mbali iyi yayamba kuwola," anatero.

"Ndikudziwa."

"Udzu wabwino akugulitsa kuti masiku ano?"

Ndinamuuza kuti apite kwa amayi ake aang'ono, ali nawo mulu kuseri kwa khitchini. Koma atenge ndalama zapadera, ndipo avale nsapato zovinira.